Bambo Asiya Kukwera Basi

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti mawu anowa akupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi mlamu wanga ndi kamwana kaja timangokaonera pazithunzi. Kodi chifuwa chija chinakasiya? Nanga iweyo msana uja uli bwanji? Paja unkadandaula kuti ntchito yako ndi yoimirira tsiku lonse.

Kuno tilipo. Ine ndili bwino, kungoti maso ayamba kukana kulowetsa ulusi pa singano, ndiye ndagula magalasi ondikalambitsa nkhope. Mwana wako Tsabola watalika mpaka wandipitirira, siketi yake ya sukulu ndaifutukulanso. Bambo akudya, akugona, mankhwala akumwa.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati mafoni anatha. Nyumba yathu ukuidziwa, munthu ukatsokomola kuchipinda wa pabalaza amakuuza pepani. Nkhani ndili nayoyi sindingainene Bambo ali pampando wawo akumva. Ndiye ndikulembera kuntchito, pa tebulo lodulira nsalu, anzanga atapita kukadya. Ndikamaliza ndijambula masambawa ndikutumizire. Uwerenge mpaka kumapeto usanayambe kukwiya.

Bambo asiya kupita ku mafizo, masewera olimbitsa thupi aja a kuchipatala.

Iwe unanyamuka sitiroko isanawagwire, ndiye zambiri umangozimva. Ndikufotokozere bwino mmene alili. Atatuluka m'chipatala chaka chatha, mwendo ndi dzanja lamanja zinali zakufa, pakamwa patapotoka. Mafizo ndiwo anawadzutsa. Mwendo unabwerera moti amayenda ndi ndodo. Dzanja likukanabe, koma limatha kugwira kapu.

Chovuta ndi kulankhula. Mawu m'mutu alimo onse, nzeru zawo sizinachoke ngakhale pang'ono. Koma liwu likafika pakamwa limakakamira. Amagwira chiyambi chake n'kumachibwereza, mutu ukugwedezeka, mpaka liwu lonse ligwe. Mayi wa mafizo amene amawaphunzitsa kulankhula kuchipatalako anatilangiza kuti tisamawamalizire mawu, tizingodikira. Akuti tikamawamalizira, lilime lichita ulesi ndipo mtima nawo ufooka. Kudikirako n'kopweteka, makamaka ukudziwa kale kuti akufuna mchere. Koma tinazolowera, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwendo utalimba, anakana zoti ndizijomba kuntchito kuwaperekeza. Anati munthu amene ankakhoma madenga a nyumba za anthu sangalephere kukwera basi. Mayi wa mafizo uja anavomera, akuti ulendowo nawonso ndi mankhwala. Ndiye Lachiwiri ndi Lachisanu ankadzuka m'mawa, kupolisha nsapato ndi dzanja lamanzere, kuvala jekete la bulawuni lija, ulendo ku siteji. Masana ankabwerako ndi nkhani, ndipo nkhani imodzi inkatitengera chakudya chonse chamadzulo. Ankasangalala.

Mwezi watha anangosiya. Tsiku loyamba anati kunja kwachita mitambo. Lotsatira anati nsapato ikuwathina. Kenako anasiya n'kupereka zifukwa komwe. Ukawafunsa kanthu amangogwedeza mutu kapena kuloza ndi chala. Mchere uja tsopano amadzuka n'kukadzitengera okha.

Sabata yatha mayi wa mafizo anandiimbira. Anati odikira malo ndi ambiri, ndipo Bambo akapanda kuoneka sabata ikubwerayi malo awo apatsa wina. Anatinso pa msinkhu wawo, zimene abweza movutikira chonchi zikachokanso sizibwerera. Sanandiopseze, anangonena ngati mmene ine ndimauzira kasitomala kuti nsalu yake siikwana.

Ine ndinaganiza kuti mwina vuto ndi basiyo. Mwina asintha, abweretsa ya masitepe aatali, kapena dalaivala ndi wa liwiro. Ndiye ndinapempha tsiku kuntchito n'kukakwera basi yomwe iwo amabwerera masana, kuti ndione ndi maso anga.

Masitepe anali bwinobwino. Dalaivala anali wofatsa. Koma titadutsa pa sekondale ina, munalowa ana a sukulu ochepa chabe, ndipo basi yonse inakhala yawo. Anakwera mokankhana, osadikira otsika. Awiri anakhala pa mipando ya pafupi ndi chitseko, ija inalembedwa kuti ndi ya okalamba ndi odwala, zikwama zawo nazonso zinapeza mipando. Wina anatsegula nyimbo pafoni, mnzake anatsegula ina yopikisana nayo. Mayi wina wonyamula katundu anapempha kuti adutse, mnyamata anangosuntha bondo pang'ono osadzutsa maso.

Ukudziwa kuti ine anthu ndimayamba kuwaona pa msoko. Mayunifolomu amenewo ena ndinasoka ndine. Ndimawadziwa ana amenewa akabwera ndi amayi awo kudzayezetsa, manja kumbuyo, zikomo wosatha. Pa basi anali atapinda makolala, mataye ali m'thumba, ndipo mawu awo anali a anthu ena. Akuluakulu tonse tinangoyang'ana pawindo ngati kunja kukuchitika zodabwitsa.

Titafika ku depoti ndinatsala, anthu onse atatsika. Kondakitala ndi bambo wachikulire ndithu, wa imvi m'mbali. Ndinamufunsa ngati amawadziwa agogo ena a ndodo ndi jekete la bulawuni, olankhula movutikira. Anati amawadziwa, ndipo amadabwa kuti asowa. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndine ndani wawo. Nditamuuza, anakhala pa mpando n'kundiuza kuti nanenso ndikhale.

Ndikulembera monga anandiuzira, osawonjezera.

Akuti tsiku limenelo ana anaweruka msanga, aphunzitsi anali ndi msonkhano, ndiye basi inadzaza ndi iwo okhaokha. Bambo anakwera pa siteji ya kuchipatala. Pa mipando yawo ija panali anyamata. Iwo sanapemphe, anangogwira chitsulo ndi dzanja lamanzere, ndodo ataikoleka pamkono. Basi itanyamuka anadzandira. Mnyamata wina ananena mokweza kuti madala ayamba msanga lero, dzuwa likali pamutu. Anzake anaseka.

Bambo anafuna kuyankha. Ukuwadziwa, sanazolowere kunamiziridwa, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Kondakitala akuganiza kuti ankafuna kunena kuti ndikudwala. Anagwira "ndi" n'kumamubwereza. Anyamata aja anayamba kuwamalizira. Wina anati ndili ndi ludzu. Wina anati ndiwonjezereni botolo. Iwo akayambanso, ana aja amapikisana kuti womaliza moseketsa ndani. Wina ankatsanzira mmene mutu wawo umagwedezekera.

Ndinamufunsa kondakitalayo kuti iye anali kuti. Anati anali kutsogolo, anthu atathinana, ndipo anakuwa kuti asiye. Akuti anamuyankha kuti ntchito yake ndi matikiti. Anatinso masiku ano mwana ukamugwira mkono, mafoni onse amakuloza, mawa lake ntchito yatha. Mayi wina wa mwana pamiyendo anaimirira kuti Bambo akhale, koma iwo anakana ndi mutu.

Mpaka pamenepa ine ndinali ndikutukwana mumtima. Ndinkati ana awa anabadwa kwa anthu kapena anatoledwa kudzala? Makolo awo amadya nawo bwanji mbale imodzi? Ndinali nditakonza kale zopita kwa ahedi a sukuluyo.

Kondakitala anapitiriza. Akuti ali mkati mosekedwa, Bambo anayang'ana kumbuyo kwa basi ndipo nkhope yawo inawala. Anaona mtsikana wina pa mpando wakumapeto, ali ndi anzake. Anasiya liwu lija n'kuyamba lina. Anagwira "tsa" n'kumamubwereza, akuloza ndi chibwano. Mnyamata uja anati batire latha, tiyeni tiwakankhe alire. Basi yonse inafa ndi phwete. Koma Bambo sanasiye. Analimbana nalo mpaka linatuluka lonse, mokweza. Kondakitala anati linali dzina lachilendo, loseketsa, sanaliiwale. Anati agogowo anaitana kuti Tsabola.

Dzina limenelo anamupatsa ndi iwo ali wakhanda, chifukwa cha kulira kwake kuja. Kusukulu salidziwa. Apa ndinadziwa kuti khoswe wakhala pamkhate.

Akuti ana anayang'anana kuti akuitanidwa ndani. Mtsikana amene anakhala naye pafupi anamufunsa ngati akuwadziwa achidakwawa. Mwana wako anati ayi. Anatenga timawaya take n'kuika m'makutu, nkhope kuwindo.

Bambo anamuyang'ana kanthawi. Kenako analankhula, ndipo kondakitala akulumbira kuti mawu amenewa anatuluka osakakamira ngakhale pamodzi. Anati pepani mayi, ndakufanizirani ndi mwana wina.

Anatsika pa siteji yotsatira, kutali ndi kwathu, n'kuyenda wapansi. Tsikulo ndikulikumbuka. Anafika mochedwa, thalauza lili fumbi lokhalokha, ndipo anandiuza kuti amafuna kupitidwa mphepo. Tsabola anali atafika kale, ali kuchipinda akuti mutu ukumupweteka.

Ndinayamba ndi Bambo. Madzulo a tsiku lomwe ndinakwera basiyo, mwana atapita kukagula buledi, ndinawauza kuti ndalankhula ndi kondakitala. Sanadzidzimuke. Anati sanali iye. Ndinati dzina munaitana ndi lake. Anati maso awo akalamba, anafanizira, mwana wathu sangachite zotero. Anabwereza kawiri, akundiyang'ana m'maso, kuti ndimve kuti nkhani yathera pomwepo.

Ndinati chabwino, sanali iye. Nanga bwanji osapita ku mafizo? Ngati ndi anyamata aja, tisintha nthawi, muzibwerera pa basi ina. Anayamba kuyankha, ndipo ndinadikira mpaka tiyi wanga anazizira m'kapu. Anandifunsa kuti aphunzire kulankhula kuti azilankhula ndi ndani.

Ndinati ndi ine. Anamwetulira mbali imodzi ija n'kunena kuti ine ndimamva ngakhale asanalankhule.

Mwanayo sindinamufunsire kunyumba. Loweruka ndinamutenga kuntchito kuno, ndinamupatsa mulu wa masiketi oti amasule misoko. Mwana amalankhula bwino manja akamagwira kanthu ndipo maso ali pansi. Ndinangomuuza kuti ndakwera basi ya masana ija.

Sanakane. Sanalirenso msanga. Anati anawaona agogo ake pomwe ankakwera, ndipo anatsetsereka pa mpando kuti asamuone, akuganiza kuti anyamata aja atopa okha. Anati m'kalasi mwawo muli mtsikana amene bambo ake anabwera kusukulu atavala nsapato zosiyana, ndipo mpaka lero palibe amamuitana dzina lake lenileni. Akuti agogo atamuitana, anamva ngati basi yonse yamugwera, ndipo ayi uja anatuluka yekha. Anati iye sanaseke nawo.

Ndinamuuza kuti mantha ake ndawamva, koma mantha safafaniza mlandu. Ndinati anyamata aja ananyoza munthu wosamudziwa, ndi amwano basi. Iye anakana munthu amene ankamunyamula paphewa kupita naye ku sikelo. Pamenepo ndiye analira. Anati chimene chikumupweteka n'choti agogo sanasinthe, akumusiyirabe theka la nthochi yawo pa mbale m'mawa uliwonse, ndipo iye imamukanika kumeza.

Ndinamusiya alire. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, kwatsala kupepesa. Koma atapukuta m'maso ananena chinthu china, osati mwamwano, anangonena ngati akufunsa. Anati nanga adadi bwanji palibe amawakalipira?

Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani. Anati iwe ukaimba, ine ndimawapatsira Bambo foni n'kupita kukhitchini, koma iye amakhala pompo akulemba za kusukulu, ndipo mawu ako amamveka. Akuti umawapatsa moni, iwo akayamba kuyankha umawamalizira kuti muli bwino eti, mankhwala mukumwa eti, chabwino. Akayamba liwu lina umati netiweki ikuvuta, apatsireni achemwali. Anati tsiku lina unadula iwo ali pakati pa liwu. Iwo sanadziwe. Anapitiriza kulimbana nalo, foni ili kukhutu, mpaka linatuluka, kenako anadikira yankho. Mwana wako anaona kuti foni yathima kale, koma anaopa kuwauza.

Anati iye ankaganiza kuti ngati mwana wawo weniweni zimamuchititsa manyazi ali kutali, kumene kulibe womuona, ndiye iye m'basi yodzaza akanatani.

Ndinangomuuza kuti amalize siketi ili m'manjayo.

Usaganize kuti ndikumuchotsera mlandu n'kuusenzetsa iwe. Chimene anachita ndi chake, ndipo adzachinyamula nthawi yaitali. Sindikunenanso kuti suwakonda Bambo. Mankhwala akumwawa ukugula ndiwe, ndipo ndikudziwa kuti umaimba uli pa msewu, ukuthamangira kuntchito. Ndikuganizanso kuti zimakuwawa kumva munthu amene mawu ake ankamveka kuchokera padenga mpaka kumsewu akulephera kutchula madzi. Inenso zinkandiwawa. Kusiyana kwake n'koti ine ndinalibe foni yoti ndidule.

Mwanayo anayesa kupepesa. Anakhala pansi pafupi ndi mpando wawo n'kunena zonse, osabisa. Bambo anamusisita mutu n'kunena kuti palibe choti akhululuke, chifukwa sanali iye. Anabwereza kupepesa, iwo anabwereza yankho lomwelo. Akuganiza kuti akumuteteza. Sakuona kuti amutsekera chitseko, mwana watsala panja ndi katundu wake.

Lachisanu Tsabola anapempha yekha kuti ajombe m'mawa awaperekeze, akhale nawo mpando umodzi, amene akufuna kuseka aseke. Anawapolishira nsapato. Bambo anavala jekete, ine mtima unayamba kutsika. Anafika pakhomo, anayang'ana kumsewu, n'kubwerera kukakhala pampando wawo. Jeketelo anakhala nalo mpaka masana.

Tsopano pempho langa ndi ili, ndipo ndiyambe ndi zimene sindikufuna. Usatumize ndalama ya takisi. Ndikukudziwa, ndicho choyamba chimene chabwera m'mutu mwako. Miyendo yawo si imene yakana. Usamuimbire mwana kumukalipira, wakalipidwa kale ndi theka la nthochi. Usayambenso zija unkanena zomutumiza kusukulu yogonera konko. Ukamuchotsa pano, Bambo adziwa kuti achotsetsa mdzukulu wawo, ndipo sadzatsegulanso pakamwa.

Uimbe Lamlungu masana. Usaimbe uli pa msewu. Ukhale pansi, utseke chitseko, mlamu atenge mwana. Usafunse za ine kapena za mankhwala. Uwafunse chinthu choti yankho lake sukulidziwa. Paja unati chitseko cha kubafa kwanu chikukhula pansi, uwafunse amisiriwo akuuze chochita. Adzatenga nthawi. Udzamva kupuma kokha, udzaganiza kuti foni yaduka. Siinaduke. Ukaona kuti liwu ukulidziwa, ulume lilime.

Sindikulonjeza kuti akatero Lachiwiri akwera basi. Mwina akwera, mwina ayi. Koma munthu wafunsa kuti azilankhula ndi ndani, ndipo yankho la ine walikana. Latsala ndi lako.

Ndikuuziretu kuti ndakulowetsa kale m'ngongole ya mawu. Dzana ndinawauza kuti wanena kuti uimba Lamlungu, ndipo ukufuna iwo, osati ine. Iwe sunanene zimenezo, ndanena ndine m'malo mwako. Anangogwedeza mutu ngati sizikuwakhudza.

Lero m'mawa ndikukonzeka kubwera kuno, ndinamva mpope wa kubafa ukutuluka madzi nthawi yaitali. Ndinapita kuti ndikagogode, ndimaganiza kuti aiwala kutseka. Ndili pachitseko ndinawamva. Anatsegula madziwo dala kuti tisamve. Amayeserera dzina lako. Likutuluka, mlongo wanga, koma limachedwa.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti diresi lake ndadula kale, latsala kusoka. Kamwanako ukapsompsone m'malo mwa azakhali ake. Tsabola sakudziwa kuti ndalemba, koma ndikudziwa kuti akanapereka moni. Mulungu akusungeni nonse kumeneko, akupatse mphamvu pa ntchito, akupatsenso kudekha Lamlungu.

Foni idzakhala yotchaja, pa tebulo pafupi ndi mpando wawo.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Azakhali a Tsabola